Kukonza ma ski ndi ma snowboard, kwa mwana wa ku Mzuzu njira yabwino ndi iti?

Ntchito yokonza ma ski ndi ma snowboard, matabwa aja anthu amatsetserekera pa sinowo, yayamba kuoneka pa mafoni a achinyamata akamasaka maganyu akunja, mumangoona pa Facebook kapena mmagulu a WhatsApp aja akuti ku Canada akufuna anthu, ku Austria akufuna anthu, nyumba ukapatsidwa konko, nde munthu uli pa Katoto kapena ku Chibavi, sinowo sunamuonepo ndi maso koma mtima wayamba kale kudumpha. Ntchitoyi ndi yeniyeni abale, ndi yamanja, ndipo mnyamata kapena mtsikana amene amatha kumanga wilo ya njinga nkuyiwongola bwinobwino atha kuyiphunzira. Chimene chimandiwawa nchoti anthu akuyambira kolakwika, akuthamangira kulipira kosi kapena ejenti asanadziwe nkomwe kuti khomo lenileni lili mbali iti. Tiyeni tiziyike njirazi pamodzi tizione.

Koma tidziwe kaye ntchitoyo, poti ambiri amaganiza kuti nkungopukuta matabwa basi. Ma ski amavala awiri, phazi lililonse lake, snowboard ndi imodzi yotambalala mapazi onse pamenepo. Mkati mwake mumakhala mtengo wokutidwa ndi fibreglass, ena amaikamonso kachitsulo kopyapyala, pansi pake pali pulasitiki yoterera yomwe amaitcha P-tex, ndipo mmbali monse mumadutsa kachitsulo kakuthwa kamene kamaluma ayisi munthu akamakhota. Ntchito ya tsiku ndi tsiku ndi kupaka wakisi, kunola tizitsulo ta mmbalito, kutseka mabala a pansi, ndi kumanga ma binding, zija zimagwira jombo pa ski.

Wakisi amapaka ndi ayironi, yapadera yake yomwe kutentha kwake umachita kutchera, nthawi zambiri pakati pa madigiri 120 ndi 150 malingana ndi mtundu wa wakisiyo, poti wa sinowo wozizira kwambiri ndi wolimba, wa sinowo wonyowa ndi wofewa. Umagunditsa wakisi pa ayironi, timadontho tikugwera pa ski kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, kenako nkumasita, dzanja lisaime olo pang'ono, ukangoimika malo amodzi wawotcha pulasitiki ya mwini wake, ndipo ukaona utsi ukufuka dziwa kuti wapyoletsa moto. Ukatero umaisiya izizire mwina theka la ola, nkupala ndi kapulasitiki kolimba mpaka kuoneka ngati palibe chomwe wapaka, nkumalizira ndi burashi. Ongoyamba kumene amavutika kumvetsa kuti wakisi wofunika ndi amene walowa mkati, wapamwambayo ndi wochotsa. Kunola nako kuli ndi masamu ake, mmbali amanola pa madigiri 88 kapena 89, pansi amapendeketsa theka la digiri kapena digiri imodzi, fayilo imayenda mu kachipangizo kogwira ngodyayo, sizongoyerekeza ndi diso ngati ukunola chikwanje pa mwala. Ski ikakhulika pa mwala nkukumbika, amasungunula P-tex nkudonthezera pabalapo, ikauma nkupala kuti pafanane. Bala likafika mpaka pa mtengo wa mkati ndiye pamafunika guluu wolimba wotchedwa epoxy ndi chigamba, apa mpomwe pamaonekera katswiri. Mashopu akuluakulu ali ndi makina a Wintersteiger a ku Austria kapena Montana a ku Switzerland omwe amapala pansi ponse ndi mwala wozungulira, makina odula kwambiri moti watsopano samangomusiya yekha pamenepo.

Pomwe pali moyo wa munthu ndi pa ma binding. Binding ya ski imayenera kumasula jombo munthu akagwa, ikapanda kumasula mwendo umathyoka kapena bondo kupotokola, ikamasula msanga munthu amagwa ali pa liwiro. Nambala yomasulira ija amati DIN imachokera pa kulemera kwa munthu, kutalika kwake, zaka, kutalika kwa jombo mu mamilimita, ndi mmene amaseweretsera, waphee kapena waliwiro. Mwana wosakwana zaka 10 ndi munthu wa zaka 50 kupita mtsogolo amawatsitsira nambala. Ukatchera umayesanso pa makina kuti ikumasuladi pa mphamvu yoyenera, nkusaina pepala. Pomanga binding yatsopano umaboola ski ya munthu ndi dirilo, kabowo ka mamilimita 3.5 kapena 4.1 ngati mkati muli chitsulo, ukaphonya malo ski ya ndalama zambiri yapita. Za snowboard ndi zosavutirapo mbali imeneyi chifukwa binding yake simasula, umangomanga ndi masikuluwu pa ngodya yomwe mwini wake akufuna. Ndakhalitsa pamenepa dala, chifukwa mukamvetsa izi muona nokha kuti ndi njira ziti zomwe zingakuphunzitseni zoona ndi ziti zongokudyerani ndalama.

Njira yomwe ili pafupi kwambiri ndi ya pa intaneti. Makampani a wakisi monga Swix ndi Toko ali ndi mavidiyo aulere pa YouTube, onerani, bandulo yake siyidandaulitsa, muphunzira mayina a zinthu ndi ndondomeko yake. Koma kosi yolipira ya pa intaneti yoti akupatseni satifiketi ya PDF, ine ndikuti ayi. Mulipira mu madola omwe kuwapeza kwake mukukudziwa mmene kulili kuno, ndipo ski yoti muyeserepo mulibe, simungaipeze mu Taifa Market olo mutazungulira tsiku lonse. Komanso masatifiketi omwe mashopu amawawerengera pa nkhani ya ma binding ndi a makampani opanga ma binding eni ake, Marker, Salomon, Look, Tyrolia, ndipo mayeso akewo munthu amalemba kudzera mu shopu yomwe yamulemba kale ntchito, nkumawabwereza pakapita nthawi. Ndiye kugula pepala uli ku Zolozolo sikukuyandikitsani kulikonse.

Yachiwiri, yomwe anthu ambiri sayidziwa, ndi Lesotho. Inde mu Africa momwe muno muli malo osewerera pa sinowo. Afriski ili mmapiri a Maluti, mamita oposa 3000 pamwamba pa nyanja, pomwe Mzuzu wathu amene timamuti ngozizira ali cha mma 1250. Kuchoka ku Joni ndi ulendo wa maola pafupifupi 5 pa galimoto, kulowera pa boda ya Caledonspoort, kudutsa Butha-Buthe nkukwera Moteng Pass. Sizoni yake ndi June mpaka August, sinowo wambiri amachita kupanga ndi makina usiku kukazizira, ndipo malo otsetserekawo ndi aafupi, cha mma kilomita imodzi. Ubwino wake ndi woonekeratu: mabasi a ku Joni timawadziwa, ambirife tili ndi achibale kumeneko oti tingafikireko, ndalama yawo ya loti imayenda mofanana ndi randi, ndipo chizungu chimagwira ntchito. Alendo ambiri kumeneko ndi oti akuyamba kumene kusewera, amachita kubwereka ma ski ndi majombo, kutanthauza kuti pa shopu yobwereketsa pamadutsa mapazi ambirimbiri patsiku, ndipo mmenemo ndi momwe munthu amaphunzirira kutchera binding mwachangu koma mosalakwitsa. Kuipa kwake nako musakunyoze. Malowo ndi amodzi, mipata ndi yochepa, eni dziko Abasotho nawonso akufuna ntchito yomweyo ndipo nzomveka kuti ayambe iwo, inu mufunika pemiti ya ntchito, kulowa ngati mlendo sikukupatsani ufulu wogwira ntchito. Miyezi itatu ikatha mwabwerera pa ziro. Ndipo kuzizira kwake si kwa chiperoni cha June chija timavalira majuzi awiri, kumeneko madzi amauma gwaa usiku, opanda jekete ndi magolovesi enieni mudwala. Ku South Africa kunali Tiffindell ku Eastern Cape koma musawerengere kumeneko musanatsimikize kuti kukugwira ntchito. Ine ndimaiona Lesotho ngati sukulu osati ngati kokalemerera, mukakwanitsa masizoni awiri kumeneko muli ndi kalata yoti munagwirapo ma ski enieni, chinthu chomwe anzanu onse ofunsira ntchito kuchokera kuno alibe.

Ndiye pali ku Dubai. Ski Dubai ili mkati mwa Mall of the Emirates, inatsegulidwa mu 2005, kunja kukuotcha mkati muli sinowo chaka chonse. Ku Cairo kulinso Ski Egypt kuyambira 2017. Apa chokoma nchoti kulibe zoti sizoni yatha, kontirakiti imakhala yayitali, ndipo maiko a kumeneko anazolowera kulemba ntchito anthu ochokera ku Africa ndi ku Asia, viza amakonza ndi abwana. Koma ntchito yambiri kumeneko ndi kupereka majombo, majekete ndi ma ski kwa alendo, kulandira, kuumitsa, kusanja, ku benchi yokonzera kumafika ochepa ndipo muyenera kuchita kudzionetsa kuti manja anu amatha. Chachikulu ndi chenjezo. Nkhani za azimayi athu omwe anakavutika ku Oman atanamizidwa za ntchito tonse tinazimva. Lamulo la ku UAE limati ndalama zolembera munthu ntchito alipire ndi abwana osati wantchito, kusunga pasipoti ya wantchito nkoletsedwa, ndipo kugwira ntchito pa viza ya ulendo ndi mlandu. Nde munthu akakuuzani kuti tumizani ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, mupite kaye ngati mlendo zina tikakonza konko, thawani. Funsirani ntchito pa tsamba la kampani yeniyeniyo, ndi dzanja lanu.

Tsopano kumene mitima ya ambiri ili, ku Ulaya, Canada, Japan, New Zealand. Kumeneko ndiye kwawo kwa ntchitoyi, palibe kutsutsa. Ku Austria ntchito yosamalira zida zamasewera amaiphunzira zaka 3, uli mu shopu kwinaku ukupita ku sukulu ndipo amakulipira kangachepe, koma zonse mu Chijeremani. Ku France amaphunzitsa mu Chifalansa. Ku America, Colorado Mountain College ili ndi maphunziro okhudza bizinesi ya ma ski ndi ma snowboard ku Steamboat Springs, koma fizi ya mwana wochokera kunja kuphatikiza nyumba mu tauni ya alendo olemera ngati imeneyo, banja la wamba la ku Mchengautuba silingaikwanitse, ndipo mu August 2025 a Malawi ofuna viza ya ulendo ku America anayamba kufunsidwa chikole cha madola 5,000 mpaka 15,000, zomwe zikuonetsa mmene khomo limenelo lathinira. Ambiri mwa achinyamata omwe mumawaona pa Instagram akugwira ntchito ku Whistler ku Canada, Niseko ku Japan kapena Queenstown ku New Zealand sanapite ku sukulu ya ma ski nkomwe, analowa ndi viza ya working holiday, yolola achinyamata kugwira ntchito ali pa ulendo, nkuphunzitsidwa mu shopu momwemo sabata zoyamba za sizoni. Viza imeneyo imaperekedwa kwa nzika za maiko omwe anagwirizana, ndipo Malawi mulibemo. Apa mpomwe pagona nkhani yonse. Mwini shopu ku Canada kuti alembe inu ayenera kuonetsa boma lake kuti wasowa munthu konko, pepala lija amati LMIA, ndipo sangavutike choncho chifukwa cha munthu wodzaphunzira kupaka wakisi pomwe pakhomo pake pali mzere wa ana a ku Britain ndi Australia okhala ndi mapepala kale. Amavutikira munthu amene ali ndi luso losowa, wodziwa makina opalira, wodziwa kukonza jombo kuti ikwane phazi lovuta, kapena wotha kugwira ntchito chaka chonse. Ndalama zake zikamveka mu makwacha zimaoneka zambiri, koma renti ya mmatauni amenewo imadya gawo lalikulu, ena amagona anayi chipinda chimodzi, ndipo April akafika sinowo wasungunuka ntchito yatha.

Mawu oti chaka chonse aja ndi amene akundifikitsa pa njira yomwe ine ndimaikhulupirira kwambiri, ngakhale ikuoneka ngati yozungulira: yambani ndi njinga, konkuno. Mashopu ambiri a mmapiri amenewa nyengo ya sinowo ikatha amachotsa ma ski nkuikamo njinga, chifukwa mapiri omwewo nthawi yotentha anthu amatsetserekamo ndi ma mountain bike. Whistler imatchuka ndi zimenezi, Afriski nayo ili ndi njira za njinga. Ndiye makaniko wa njinga wodziwa ntchito ndi munthu amene shopu imafuna kumusunga, ndipo kumuphunzitsa ma ski ndi nkhani ya sizoni imodzi poti manja anazolowera kale sikuluwu, kumanga pa mphamvu yoyenera, ndi kuyeza zinthu mu mamilimita. Ife kuno njinga ndiye kwawo, ma sacramento ali ponseponse, okonza ali pansi pa mitengo mmisika yonse, mwana atha kuyamba mawa lomwe osalipira dola olo imodzi. Koma apa ndinene mosabisa, kumata chubu ndi kusintha sipoko pa njinga ya kabaza sikokwanira. Njinga za kumeneko zili ndi mabuleki a disiki oyendera mafuta, magiya a Shimano ndi SRAM, mashoko ofuna kumasula ndi kuthira mafuta, matayala opanda chubu, zina za batire. Muyenera kuzisaka dala njinga zoterozo, zilipo mu kaunjika wa njinga, zilipo kwa alendo ndi anthu a mabungwe omwe amapalasa kumapeto a sabata, zilipo mmalo ogona alendo ku Viphya ndi ku Nyika komwe anthu amakwera njinga mmapiri. Pemphani kuti muzizikonza olo pa mtengo wotsika, jambulani ntchito iliyonse isanayambe ndi itatha, sungani zithunzizo. Mavidiyo a Park Tool, kampani ya zida zokonzera njinga, pa YouTube ndi sukulu yokwanira pa chiyambi. Mukapeza kangachepe, ku Centurion pafupi ndi Pretoria kuli Torq Zone Academy komwe amaphunzitsa umakaniko wa njinga ndi satifiketi ya Cytech ya ku Britain, pepala limenelo mwini shopu wakunja amalidziwa, ndipo ulendo wake ndi wa basi. Ubwino wina waukulu wa njirayi ngwoti zakunja zikakanika simunataye kanthu, muli ndi luso lodyera pompano, pomwe amene anangophunzira za ma ski zokha akabwerera ku Mzuzu alibe kasitomala ndi mmodzi yemwe.

Ena afunsa za Mzuzu Technical College ndi makosi a TEVETA. Za ma ski kulibe ndipo palibe chifukwa choti zikhaleko, koma musaderere pepala la umakaniko, ukalipentala kapena zamagetsi. Wodziwa ukalipentala saopa dirilo ndi guluu, wodziwa zamagetsi ndi makina ndi amene amakathandiza makina opalira aja akavuta. Ndipo pofunsira pemiti, pepala la boma losonyeza kuti muli ndi ntchito yamanja limalemera kuposa kungonena pakamwa kuti ndimatha. Amene ali ku Mzuni akuphunzira zokopa alendo nawonso ali ndi poyambira, chifukwa theka la ntchito ya mu shopu ndi kulankhula ndi anthu, kufunsa mayi wachizungu kulemera kwake mwaulemu kuti umutcherere binding moyenera, kumvetsera munthu akamadandaula kuti jombo ikumuluma pa chala. Chizungu chomveka nchofunika, ndipo amene akulota za Austria ayambe Chijeremani lero osati viza ikatuluka.

Pali zina za thupi zomwe otsatsa ntchito satchula. Ntchito yokonza imagwiridwa kwambiri madzulo ndi usiku, poti anthu amasiya ma ski akatsika kuphiri nkuwafuna mmawa, nde umaima maola ambiri mchipinda chapansi chonunkha wakisi ndi pulasitiki yopsa. Utsi umenewo si wabwino mmapapo, shopu yabwino imakhala ndi fani yokoka mpweya ndi zovala kumphuno, ndipo wakisi wa mtundu wa fluoro bungwe loyang'anira mipikisano ya ma ski la FIS linamuletsa mmipikisano kuyambira sizoni ya 2023/24 chifukwa cha mankhwala ake oopsa. Tizitsulo ta mmbali tija tikanoledwa timacheka zala osamva nkumva. Kwa atsikana, musauzidwe kuti ndi ntchito ya amuna, simunyamula matumba a simenti, chofunika ndi diso ndi kudekha.

Ndiye mukandifunsa kuti mwana wa mlongo wanga atati akufuna zimenezi ndingamuuze chani, ndingati chaka choyamba ndi chachiwiri akhale pa njinga konkuno mpaka azitha kutulutsa mpweya mu buleki ya mafuta ndi kutchera magiya osayang'ana foni, apange pasipoti, aonere mavidiyo a ma ski kuti mawu ake asakhale achilendo. Kenako alembere Afriski cha mma February kapena March sizoni isanayambe, ndi Ski Dubai nthawi iliyonse pomwe atsatsa, apemphe ntchito ya mu shopu yobwereketsa olo ikhale yopereka majombo, bola alowe mkati. Za Canada ndi Ulaya zibwere pambuyo pake ali ndi kalata ya abwana ndi satifiketi ya binding mmanja, ndipo kumeneko amalemba anthu cha mma August mpaka October kukonzekera December, pomwe New Zealand amalemba miyezi yoyambirira ya chaka poti sizoni yawo imayamba June ngati ya Lesotho. Mu kalata yofunsirayo asalembe zoti ndimakonda sinowo kuyambira ndili mwana, alembe njinga zomwe wakonza, mitundu ya mabuleki ndi magiya yomwe waigwirapo, aikepo zithunzi zija, ndipo afunse mwachindunji ngati shopuyo imathandiza pemiti kwa munthu wa pasipoti ya Malawi asanawononge ndalama ina iliyonse.